Kuchokera ku Minda ya Rothamsted Kufika ku Mangochi: Mbiri ya Timagulu ta Odwala pa Kafukufuku wa Mankhwala

Dokotala akamva kuti mankhwala akutiakuti athandiza anthu zikwizikwi, amakhala ndi funso limodzi: nanga wodwala wagona pabedi apayu? Ndi mayi, ndi wachikulire, ali ndi shuga. Kodi nayenso amuthandiza? Funsoli ndi labwino, ndipo wolifunsa sangadzudzulidwe. Koma njira imene anthu akhala akuliyankhira, yoduladula gulu lalikulu la odwala kukhala timagulu, amuna paokha, akazi paokha, achinyamata uku, okalamba uko, yasocheretsapo anthu anzeru ndi amtima wabwino kwa zaka zoposa zana. Luso lowerengera kuti wafunsa mafunso angati usanakhulupirire yankho linakula pang'onopang'ono, ndipo nthawi zambiri linkakula anthu atapwetekeka kale.

Woyamba kuona msamphawo bwinobwino sanali dokotala. Mu 1843, katswiri wa masamu wa ku France, Antoine Augustin Cournot, anatulutsa buku lonena za mwayi ndi kawerengedwe kake. Masiku amenewo ophunzira ankakonda kusanthula kaundula wa ana obadwa, pofuna kudziwa chimene chimachititsa kuti kwina kubadwe ana aamuna ambiri, kwina aakazi. Cournot anaona kuti ana obadwa ungawagawe potengera msinkhu wa makolo, ntchito yawo, chuma, chipembedzo, mwezi wobadwira, ndipo kugawako kulibe polekezera. Ukagawa kambirimbiri, upeza ndithu kagulu kooneka kosiyana ndi tinzake, ngakhale palibe chochititsa chilichonse. Chimene chinamuvuta kwambiri n'chakuti wowerenga zotsatira zako sadziwa kuti unagawa kangati usanapeze kagulu kameneko, choncho alibe poyezera kulemera kwa zimene ukumuuza.

Chenjezo lakelo linagona m'buku zaka zambiri. Chinadzadzutsa nkhaniyi ndi ulimi. Mu 1919, Ronald Fisher anayamba ntchito pamalo ofufuzira zaulimi a Rothamsted, kumpoto kwa London, kumene anapeza mulu wa zolembedwa za zokolola za zaka makumi ambiri. Funso la kumeneko linali losavuta kumva: ndime iyi yabereka kuposa iyo, kodi ndi feteleza kapena zangochitika? Fisher anaphunzitsa ofufuza kugawa ndime mwa maere, kuti pasakhale wosankhira feteleza wake nthaka yabwino. M'buku lake la 1925 anaikanso malire osavuta kugwiritsa ntchito. Ngati kusiyana kwakukulu ngati kumene waonako kukanabwera kokha, feteleza asakuchita kanthu, mosapitirira kamodzi pa maulendo 20, ungakuyese kwenikweni. N'kumene kunachokera nambala ya 0.05, imene ofufuza amayezerapo mwayi umenewu, umene amautcha p-value, mpaka lero.

Malire amenewa ndi a funso limodzi. Ukafunsa limodzi, mwayi woti upusitsidwe ndi zongochitika ndi 5 pa 100. Ukafunsa mafunso khumi osadalirana, mwayi woti limodzi mwa iwo likunamize umakwera kufika pa 40 pa 100. Akakwana 20, umafika pa 64 pa 100. Mlimi wa chimanga amazidziwa izi ngakhale sanaphunzire masamu: mbewu yomweyo, feteleza yemweyo, mvula yomweyo, koma pokolola mizere siifanana, ndipo pa mizere makumi awiri umodzi umaposa inzake. Kulakwa kumabwera pamene mwini munda, ataona kale mzere wopambanawo, akumbukira kuti anaubzala Lachinayi, n'kuyamba kuuza mudzi wonse kuti tsiku lobzala ndi Lachinayi.

Nzeru za kumunda zinasamukira kuchipatala nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha. Ku Britain kunafika streptomycin, mankhwala atsopano a chifuwa chachikulu, koma wochepa kwambiri moti sakanakwanira odwala onse. Bungwe la Medical Research Council, motsogozedwa pa zamasamu ndi Austin Bradford Hill, linakonza zoti wolandira ndi wosalandira asankhidwe mwa maere, mayankho atamatidwa m'maenvelopu kuti dokotala asadziwiretu. Zotsatira zinatuluka mu 1948. Pa odwala 55 amene analandira mankhwalawo, anayi anamwalira m'miyezi isanu ndi umodzi. Pa 52 amene anangogonekedwa m'chipatala, anamwalira 14. Apa panalibe zokangana. Koma mankhwala ambiri sakhala choncho. Amachepetsa imfa pang'ono, ndipo phindu likakhala laling'ono, aliyense amafuna kudziwa kuti lagwera ndani.

Akatswiri a masamu anali atayamba kale kusula zida. Ku Florence, m'zaka za m'ma 1930, Carlo Emilio Bonferroni, amene ankakonda masamu a inshuwalansi, anasindikiza malamulo a mwayi woti chimodzi mwa zinthu zingapo chichitike. Za odwala sizinali m'maganizo mwake. Amene anatenga malamulowo n'kuwasandutsa chida cha ofufuza anali Olive Jean Dunn wa ku yunivesite ya California ku Los Angeles, m'zolemba zake za 1959 ndi 1961. Njira yake ndi yosavuta moti mwana wa sekondale angaitsate: gawa 0.05 ndi chiwerengero cha mafunso ako. Ngati ndi khumi, lililonse liyenera kutsika pansi pa 0.005 kuti likhulupiriridwe. Dziko lonse limaitchula njirayi ndi dzina la Bonferroni, ndipo ine ndimaona kuti mayi Dunn sanapatsidwe ulemu wowayenera. M'zaka zomwezo John Tukey, Henry Scheffé ndi Charles Dunnett anakonza njira zawo, ndipo mu 1979 Sture Holm wa ku Sweden anafewetsa ya Dunn popanda kuifooketsa. Umandandalika ma p-value kuyambira yaing'ono kwambiri, yoyamba umaiyeza ndi 0.05 yogawidwa ndi khumi, yachiwiri ndi yogawidwa ndi zisanu ndi zinayi, n'kumatsika choncho mpaka imodzi italephera, pamenepo n'kuima.

Zida zinalipo, koma m'zipatala sizinkagwiritsidwa ntchito kwenikweni. Ndipo panali patabwera chinthu china cholemera: ndalama. Mankhwala a thalidomide atalemaza ana zikwizikwi obadwa ku Ulaya ndi kwina, dziko la America linakhwimitsa lamulo mu 1962, kuti kampani isagulitse mankhwala isanaonetse umboni woti amagwiradi ntchito. Kuyambira pamenepo kafukufuku anasanduka khomo lolowera pamsika. Kampani imene yathera zaka ndi chuma pa mankhwala, zotsatira n'kutuluka zopanda kanthu, imakhala ndi chifukwa chachikulu chobwerera m'mafayilo kukasaka kagulu kamene kanachira. Si makampani okha ayi. Wofufuza wa payunivesite naye safuna kuti zaka zake zisanu zithere pa mawu akuti palibe chapezeka.

Kupweteka koyamba kwakukulu kunadzera mbali imene anthu sankaiyembekeza. Mu 1978 madokotala a ku Canada anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa odwala 585 amene anali ndi zizindikiro zoyamba za sitiroko, zija zimabwera n'kutha zokha. Asipirini anachepetsa sitiroko ndi imfa. Atagawa amuna ndi akazi, phindu lonse linaoneka mwa amuna, mwa akazi osaoneka konse. Akaziwo anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi amuna, ndipo odwala sitiroko pakati pawo anali owerengeka, koma mawu amene anafalikira anali akuti asipirini sathandiza akazi. Mu 1980 bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, linavomereza asipirini pa vutoli kwa amuna okha. Panapita zaka mpaka akatswiri a ku Oxford atasonkhanitsa kafukufuku wambirimbiri pamodzi, n'kuonetsa mu 1994 kuti akazi amapindula mofanana ndi amuna, ndipo FDA inasintha malangizo ake mu 1998. Pa zaka zonse zapakatizo panali amayi amene anabwerera kunyumba opanda piritsi lotchipa limene likanawateteza ku kufa ziwalo.

Apa m'pofunika kudekha, chifukwa cholakwa cha ku Canada sichithetsedwa ndi kugawa 0.05. Kagulu kakang'ono kakapanda kuonetsa phindu, sindiye kuti phindu palibe. Mwina anthu ake achepa chabe. Funso loyenera si lakuti kodi mwa akazi paokha p-value yatsika pansi pa malire. Ndi lakuti kodi phindu la mwa akazi likusiyana ndi la mwa amuna kuposa mmene zongochitika zingawasiyanitsire. Funso lachiwirili ndi lovuta kuliyankha, moti pamafunika odwala ochuluka pafupifupi kanayi kuposa amene amafunika pongoonetsa kuti mankhwala amagwira ntchito. Kafukufuku wambiri alibe anthu otere.

Mu 1980 ofufuza a ku yunivesite ya Duke anayesa kutsegula anzawo m'maso. Anatenga mafayilo a odwala mtima 1,073, n'kuwagawa mwa maere m'magulu awiri, loyamba ndi lachiwiri, popanda kupereka mankhwala alionse osiyana. Monga aliyense angayembekezere, magulu awiriwo anakhala ndi moyo mofanana. Kenaka anayamba kuwadula timagulu potengera kuchuluka kwa mitsempha yotsekeka ndi kapopedwe ka mtima. Mwa odwala a mitsempha itatu yotsekeka ndi mtima wopopa molakwika, gulu lina linaoneka kuti likukhala moyo kuposa linzake, ndipo p-value inatsika pansi pa 0.05. Mankhwala amene kunalibe anaoneka ngati akupulumutsa anthu.

Koma nkhani imene akatswiri a ziwerengero amauza ophunzira awo mibadwomibadwo ndi ya 1988. Gulu la ku Oxford, mmene munali Richard Peto, Rory Collins ndi Peter Sleight, linatsogolera kafukufuku wotchedwa ISIS-2, wa odwala 17,187 m'zipatala 417 za m'mayiko 16. Onsewa anafika kuchipatala akuganiziridwa kuti mtsempha wodyetsa mtima watsekeka mwadzidzidzi. Ena analandira streptokinase wosungunula magazi oundana, ena asipirini tsiku lililonse kwa mwezi, ena zonse ziwiri, ena mankhwala opanda mphamvu. M'milungu isanu, asipirini yekha anachepetsa imfa za mtima ndi mitsempha ndi 23 peresenti, ndipo pamodzi ndi streptokinase imfa zinatsika kuchoka pa 13.2 kufika pa 8 pa odwala 100 alionse. Ndi zochepa zimene zapezekapo m'zachipatala zotsimikizika ngati zimenezi.

Monga nkhaniyi imakambidwira, a magazini ya The Lancet anapempha olembawo kuti aonetse zotsatira m'timagulu, ndipo Peto anavomera pokhapokha ngati kagulu koyamba m'ndandandawo kakhale ka nyenyezi. Azungu ali ndi chikhulupiriro chakale chogawa chaka m'zigawo 12, n'kumati khalidwe la munthu limatsata nyenyezi za nyengo imene anabadwira. Masiku obadwa a odwala anali m'kompyuta kale, ndiye kuwagawa sikunavute. Mwa obadwa m'nyengo za Gemini ndi Libra, asipirini anaoneka kuti sakuthandiza, ndipo imfa zinali zokwererako ndi 9 peresenti mwa omwa asipirini. Mwa obadwa m'nyengo khumi zotsalazo, imfa zinatsika ndi 28 peresenti. Zinasindikizidwa momwemo, pamwamba pa timagulu tina tonse.

Peto sankaseka odwala. Ankafuna kuti dokotala aliyense amene angayang'ane mzere wachiwiri, wa odwala shuga kapena wa amene anadwalapo mtima kale, ayambe wadutsa pa mzere wa nyenyezi n'kudzifunsa kuti mizere iwiriyo ikusiyana pati. Ngati mankhwala amphamvu chotere, oyesedwa pa anthu 17,000, angazimiririke m'kagulu kopanda tanthauzo, kuli bwanji mankhwala aphindu lochepa oyesedwa pa anthu 500? Malangizo a gulu la ku Oxford anali akuti phindu limene lapezeka pa gulu lonse ndilo kawirikawiri limakhala pafupi ndi choonadi cha kagulu kalikonse, kuposa nambala ya kaguluko pakokha. Ndi mfundo yovuta kuimeza, chifukwa imauza dokotala wa mayi uja kuti akhulupirire chiwerengero chimene muli amuna ambiri kuposa chiwerengero cha amayi okhaokha. Komabe zaka zotsatira zakhala zikuivomereza kambiri kuposa kuitsutsa.

Zitatero malamulo anayamba kulembedwa. Salim Yusuf ndi anzake mu 1991, kenaka Andrew Oxman ndi Gordon Guyatt a ku yunivesite ya McMaster ku Canada mu 1992, anandandalika mafunso oyenera kufunsa munthu asanakhulupirire kagulu. Kodi kanatchulidwa kafukufuku asanayambe, kapena kanapezeka zotsatira zitaoneka kale? Kodi timagulu tonse tinali tingati? Kodi pali chifukwa cha m'thupi chomveka? Kodi kafukufuku wina wapezanso zomwezo? Mu 1998 mabungwe oona za mankhwala a ku Ulaya, America ndi Japan anagwirizana pa chikalata chotchedwa ICH E9, chimene chinanena kuti zopezeka posakasaka m'timagulu n'zongotsegulira njira kafukufuku wina, si umboni wovomerezera mankhwala.

Sikuti onse anavomereza. Mu 1990 Kenneth Rothman analemba motsutsa kuti kuwongola p-value molingana ndi kuchuluka kwa mafunso n'kosafunika, ndipo mfundo yake inali ndi mano: n'chifukwa chiyani yankho la funso langa lisinthe kulemera kwake chifukwa choti ndafunsanso mafunso ena osakhudzana nalo? Ndipo ukakhwimitsa malire kwambiri, umayamba kutaya zinthu zenizeni pamodzi ndi zabodza. Mu 1995 Yoav Benjamini ndi Yosef Hochberg a ku Tel Aviv anabweretsa njira yapakati. M'malo moletseratu bodza ngakhale limodzi, umalola kuti kachigawo kochepa kodziwika ka zimene wapeza kakhale kabodza. Njirayi inadzakhala yofunika kwambiri pamene ofufuza anayamba kuyesa majini zikwizikwi nthawi imodzi. Ine ndimaona kuti Rothman ananena zoona pa munthu amene akusaka poyambira, ndipo analakwa pa munthu amene akufuna kusintha zimene wodwala amwe mawa. Wosaka akhoza kutola zambiri n'kudzasankha pambuyo pake. Wovomereza mankhwala alibe mwayi umenewo.

Ngakhale malamulo atsatidwe, kagulu kakhoza kunamizabe, ndipo umboni wake ndi kafukufuku wa PRAISE wa mu 1996. Odwala 1,153 a mtima wofooka kwambiri anapatsidwa amlodipine kapena mankhwala opanda mphamvu. Pa gulu lonse phindu silinatsimikizike. Koma mwa odwala amene mtima wawo unafooka pa zifukwa zina, osati kutsekeka kwa mitsempha, imfa zinatsika ndi 46 peresenti. Kagulu kameneka kanakonzedweratu kafukufuku asanayambe, nambala zake zinali zamphamvu, ndipo madokotala anapeza mafotokozedwe omveka a chifukwa chake. Mwamwayi ofufuzawo sanaimire pomwepo. Anayambitsa PRAISE-2, ya odwala 1,654 a mtundu womwewo okhaokha, ndipo amlodipine sanachepetse imfa ngakhale pang'ono. Chifukwa cha m'thupi n'chosavuta kuchipeka zotsatira zikaoneka kale.

Nkhani ya mu February 2003 inatikhudza ife a kuno ku Africa pamtima. Kampani ya VaxGen inalengeza zotsatira za katemera wa HIV wotchedwa AIDSVAX, woyesedwa pa anthu pafupifupi 5,400 ku North America ndi ku Netherlands. Katemerayu sanateteze. Koma kampaniyo inanena kuti mwa anthu akuda anachepetsa kutenga kachilombo ndi 78 peresenti. Inali nthawi imene maliro a Edzi anali atadzaza midzi yathu, ma ARV asanafike kwa anthu wamba, ndiye tangoganizani mmene mawu otere anamvekera. Pansi pa nambala ija panali anthu akuda 314 okha, ndipo otenga kachilombo pakati pawo anali 13: anayi mwa obayidwa katemera, asanu ndi anayi mwa obayidwa mankhwala opanda mphamvu. Anthu ochepa chabe akanagwera mbali inayo, 78 uja akanasungunuka. Posakhalitsa zinadziwika kuti nambala zolengezedwazo sizinawongoledwe molingana ndi kuchuluka kwa timagulu timene tinayesedwa, ndipo akatswiri apadera atazisanthula anapeza kuti zotere zikhoza kubwera mwangozi mosavuta. Kumapeto kwa chaka chomwecho, kafukufuku wa katemera wa mtundu womwewo ku Bangkok sanapezenso chitetezo chilichonse.

Munthu akhoza kumva zonsezi n'kuganiza kuti timagulu tonse ndi tabodza, koma kutero n'kutayanso odwala. Mankhwala a khansa ya m'mapapo otchedwa gefitinib analephera kutalikitsa moyo pa gulu lonse m'kafukufuku wa mu 2005, koma anaoneka kuti akuthandiza anthu a ku Asia ndi amene sanasutepo fodya. Nthawi ino panali chinthu chogwirika. Chaka chimodzi izi zisanachitike, ofufuza a ku Boston anali atapeza kuti zotupa zimene zimamva mankhwalawa zili ndi kusintha kwina pa jini yotchedwa EGFR, ndipo kusinthako kumapezeka kwambiri mwa anthu omwewo. Kafukufuku watsopano wa IPASS, wa odwala 1,217 ku East Asia, anatuluka mu 2009: okhala ndi kusinthako anachita bwino pa gefitinib, opanda kusinthako anachita bwino pa mankhwala akale a khansa. Kagulu kanali koona, koma malire ake enieni sanali mtundu wa munthu kapena fodya. Anali jini, ndipo zinatengera kafukufuku wachiwiri kuti zitsimikizike.

Vuto lija la Cournot, loti wowerenga sadziwa kuti unagawa kangati, linapeza mankhwala ake mochedwa kwambiri. Kuyambira mu 2005 magazini akuluakulu a zachipatala anayamba kukana kusindikiza kafukufuku amene sanalembetsedwe m'kaundula wa poyera odwala asanayambe kulowa. Africa nayo ili ndi kaundula wake, wa Pan African Clinical Trials Registry, wosungidwa ku South Africa. Lero gulu lofufuza limalemberatu dongosolo la kasanthulidwe ka ziwerengero lisanadziwe kuti ndani analandira chiyani. 0.05 uja amamugawa ngati chuma chochepa: mwina gawo lalikulu ku gulu lonse, lotsala ku kagulu kamodzi kamene ali ndi chifukwa chokakhulupirira. Mwina amandandalika mafunso, kuti lachiwiri lisafunsidwe ngati loyamba lalephera. Timagulu tina tonse timajambulidwa pa chithunzi chimodzi, kalikonse ndi kamzere kosonyeza kukula kwa chikayiko chake, kuti wowerenga aone yekha ngati tikuloza mbali imodzi. Bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linatulutsa malangizo apadera a nkhani imeneyi mu 2019.

Pofika nthawi imeneyi, mkanganowu unali utafika kale m'zipatala za kwathu. Lilongwe anali amodzi mwa malo 11, m'mayiko asanu ndi awiri a mu Africa, kumene katemera wa malungo wa RTS,S anayesedwa pa ana oposa 15,000 kuyambira 2009 mpaka 2014. Mwa ana oyamba kubayidwa ali ndi miyezi 5 mpaka 17, amene analandira jakisoni kanayi, malungo anatsika ndi 36 peresenti. Koma posanthula matenda ambirimbiri amene anawo anadwala, matenda oumitsa khosi anaoneka ochulukirapo mwa obayidwa. Ndipo atagawa imfa pakati pa anyamata ndi atsikana, funso limene silinakonzedweretu, atsikana obayidwa anaoneka kuti akumwalira kwambiri kuposa osabayidwa.

Katswiri wa masamu akanatha kunena kuti izi ndi nyenyezi zina chabe, ndipo mwina akanalondola. Koma chizindikiro cha ngozi sichitayidwa ndi kugawa 0.05. Kukhwimitsa malire kumateteza anthu pamene funso ndi la phindu, koma pamene funso ndi la kuvulaza, kukhwimitsa komweko kukhoza kubisa imfa za ana. Bungwe la WHO silinakane katemerayu, silinamuvomerezenso kuti afalitsidwe paliponse. Linapempha kuti ayambe m'madera osankhidwa mwa maere a m'mayiko atatu, ndipo mafunso a matenda oumitsa khosi ndi imfa za atsikana alembedweretu monga zinthu zoti zilondoledwe. Malawi ndiye anayamba, pa 23 April 2019, Ghana ndi Kenya n'kutsatira. Ana mazanamazana a zikwi atabayidwa, zizindikiro zija sizinabwererenso, ndipo mu October 2021 WHO inavomereza katemerayu. Kudikirako kunali ndi mtengo wake, chifukwa malungo sanaime m'zaka zimenezo, koma makolo a ana aakazi anayenera kupatsidwa yankho lochokera m'kuwerenga kwatsopano, osati m'kutsutsana pa nambala zakale.

Nkhani ya ku Mangochi ndiyo sinathebe. Kafukufuku wa MORDOR anachitika m'midzi yoposa 1,500 ya ku Mangochi, ku Niger ndi ku Tanzania. Kawiri pachaka kwa zaka ziwiri, ana onse a mwezi umodzi mpaka miyezi 59, odwala ndi osadwala omwe, ankamwetsedwa azithromycin kapena mankhwala opanda mphamvu, mudzi wonse kulandira chimodzi molingana ndi maere. Zotsatira za mu 2018 zinaonetsa kuti imfa za ana zinatsika ndi 13.5 peresenti pa mayiko atatuwo pamodzi. Kenaka timagulu: ku Niger 18.1 peresenti, ku Malawi 5.7, ku Tanzania 3.4. Potengera msinkhu, makanda a mwezi umodzi mpaka isanu ndiwo anaoneka kupindula kwambiri, ndi 24.9 peresenti.

Tsono wogwira ntchito ku unduna wa zaumoyo ku Lilongwe awerenge nambala iti, 13.5 kapena 5.7? Kafukufukuyu anakonzedwa kuti ayankhe funso la mayiko atatu pamodzi, osati la dziko lililonse palokha. Chikayiko cha nambala ya Malawi chinali chachikulu, kuyambira pa imfa kukwera ndi pafupifupi 10 peresenti mpaka kutsika ndi pafupifupi 19, ndipo 13.5 uja ali mkati momwemo. Mfundo ya ku Oxford ingati khulupirirani gulu lonse. Komabe pali chifukwa chomveka choganizira kuti kusiyanako n'kwenikweni, poti ku Niger ana ankamwalira ochuluka kwambiri kuposa kwina konseko, ndipo kumene matenda opha ana achuluka n'kumene mankhwala otere angapeze ntchito yambiri. Funsoli silopepuka, chifukwa kumwetsa ana onse mankhwala opha tizilombo kumabala tizilombo tosamva mankhwala, ndipo mtengo umenewo amalipira ndi dziko lonse.

Mu 2020 WHO inasankha njira yosamala. Inakana zomwetsa ana onse kulikonse, koma inati mayiko a kum'mwera kwa Sahara kumene imfa za ana n'zochuluka kwambiri angaganizire zomwetsa makanda a mwezi umodzi mpaka miyezi 11 okha. Malire a msinkhuwo anatsamira kwambiri pa kagulu ka makanda ka MORDOR, pamodzi ndi kufuna kuchepetsa mankhwala omwazidwa m'midzi. Koma m'midzi ya MORDOR makandawo sankamwa okha. Akulu awo, amene amawanyamula, kudya nawo ndi kuwapatsira chifuwa ndi kutsegula m'mimba, ankamwanso. Kumwetsa makanda okha chinali chinthu chimene palibe anali atachiyesa.

Anachiyesa ku Niger, m'kafukufuku wa AVENIR, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2024. Midzi inagawidwa patatu: kwina ana onse osakwana zaka zisanu anamwa azithromycin, kwina makanda okha, kwina palibe anamwa. Kumene ana onse anamwa, imfa zinatsika ndi 14 peresenti. Kumene makanda okha anamwa, imfa za makandawo zinatsika ndi 6 peresenti, nambala imene sinasiyane mokwanira ndi zongochitika. AVENIR anachitikira ku Niger kokha, choncho sanayankhe ngati 5.7 wa ku Mangochi uja anali chithunzi chenicheni cha dera la m'mbali mwa nyanja kapena maere anangogwa choncho.